Timadontho Timene Eneless Anafufuta

Eneless anafika pa Nathenje kutada. Njinga yamoto ya kabaza inamutsitsa pamsewu waukulu n'kutembenuka, ulendo wobwerera ku Mitundu. Fumbi m'maso, fumbi m'tsitsi. Malowa sankawadziwa. M'chikwama munali laputopu yosweka pakona, fomu yosasainidwa, ndi kalata yomukana.

Kalatayo mukadaiwerenga, inunso mukadapsa mtima. Imvani mmene inabwerera.

Eneless ndi mwana wa matenanti a pa esiteti ina ya fodya. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anali kale m'chigafa, kusankha masamba pambali pa mayi ake. Mayeso a Folomu 4 anamukanika kawiri. Ntchito anaipeza mu situdiyo ya zithunzi pa Mitundu, yokonza nkhope za akwati pa kompyuta. Chiphuphu patsaya, fufuta. Thukuta pamphumi, fufuta.

Kenako kunamveka nkhani. Akatswiri akunja anatumiza kamakina kamiyendo, kopanda munthu, kukatera pa nyenyezi ya mchira, chimwala cha fumbi ndi madzi oundana choyenda mumlengalenga. Kanatera poipa, mumthunzi wa thanthwe. Zithunzi zimene kanatumiza zinali zakuda bii. Akatswiriwo anaziika poyera kuti achinyamata aziwalitse, anene zimene akuona. Ochita bwino akapikisane ku Lilongwe. Mphoto yake, malo a maphunziro.

Eneless analimbana nazo masabata atatu mpaka zinawala. Pafupi ndi mwendo wa makinawo panaoneka timadontho toyera. Apa dzanja la mu situdiyo linachita zake. Anatifufuta tonse. Chithunzi chinasalala ngati tsaya la mkwatibwi. Anachitumiza.

Yankho linachokera kwa a Gilibati, mphunzitsi wa pa Nathenje amene ankasankha oimira dera lonselo. Mizere iwiri basi. "Mwawononga chithunzi. Iyi ndi sayansi, si ukwati. Bwererani ku fodya."

Kulakwa Eneless analakwadi. Koma munthu wophunzitsa ana a eni ake n'kulemba choncho? Kumuuza polakwika osamuuza, koma kumukumbutsa kumene anabadwira.

Analira tsiku limodzi. Mawa lake anabwereradi ku fodya, koma m'mutu. Wosankha fodya sabisa banga, chifukwa banga ndilo limanena giredi ya tsamba. Anatenganso zithunzi zoyambirira zija. Miyezi iwiri, akaweruka, ankakhala nazo. Atamaliza anaimbira a Gilibati kasanu ndi kawiri, foni osayankhidwa. Mpikisano unali m'mawa mwake, ndipo popanda siginecha yawo sakadalowa ngakhale pageti. N'chifukwa chake anakwera kabaza.

Nyumba ya a Gilibati anachita kufunsa pa golosale. Anamutsegulira ndi akazi awo, a Idesi, mayi wogulitsa tomato pamsika. A Gilibati anali pampando, akuchonga mapepala. Sanadzuke.

"Ndiwe wa zithunzi za akwati uja? Mndandanda ndinatseka."

"Ndikupempha mphindi khumi zokha, aphunzitsi."

"Anyamata anga atatu, onse okhala ndi satifiketi, agwirizana kale. Timadonthoto ndi vuto la kamera. Iwe uonanso chiyani?"

"Mwana wa eni wadya fumbi kuchokera ku Mitundu," anatero a Idesi. "Mphindi khumi zikuthyolani msana, bambo a Mwayi?"

Eneless anatsegula laputopu patebulo. "Mayi, tandizimitsirani getsi lapamwambali. Kuwala kwa pamutu kumanamiza maso. Fodya sitisankhira pamenepo."

A Gilibati anaseka chamumphuno. Getsi linazima.

"Zithunzi zilipo zitatu, zojambulidwa motsatana," anayamba Eneless. "Chilichonse chinada mwakemwake. Simungaziyerekeze choncho. Kwathu kapitawo amapachika tsamba limodzi lachitsanzo, ena onse timayezera pa limenelo. Pano tsamba langa ndi mwendo wa makinawu. Mtundu wake susintha. Ndinawalitsa chilichonse mpaka mwendo unafanana m'zithunzi zonse. Sindinachotse kanthu."

Anadina choyamba. Timadontho tisanu ndi kamodzi, tonse mbee. Chachiwiri, mthunzi wa thanthwe unali utasendera, tiwiri tazima. Chachitatu, kanatsala kamodzi.

"Chimwalacho chimazungulira, mthunzi n'kumayenda. Chitsotso cha pa kamera mthunzi wa thanthwe ungachiphimbe bwanji, aphunzitsi?"

A Gilibati anavala magalasi.

"Bwereza."

Anabwereza. Katatu.

"Ine wa tomato ndaona," anatero a Idesi. "Inu a digiri mukudikira belu?"

"Ndiye ukuti ndi madzi oundana?" anafunsa a Gilibati, mawu atatsika.

"Zimenezo sindikudziwa. Chimene ndingaikire umboni n'chakuti timadonthoti tili pansi pomwepo, osati pa kamera."

A Gilibati anatenga fomu ija. Anasaina. Mwina mukuti nkhani yathera apa. Ayi ndithu. Cholembera chinakwera pamwamba, pamzere wa ogwira ntchito, n'kulemba dzina lawo patsogolo pa la Eneless. Munthu yemwe uja. Wa mizere iwiri uja.

Eneless akalankhula, fomu ikhoza kung'ambidwa. Akakhala chete, miyezi iwiri yapita ndi mwini wina.

"Aphunzitsi, mzere uwo ndi wa amene wagwira ntchito."

"Dzina langa likutsegulira zitseko, mtsikana iwe. Ku Lilongwe amakudziwa ndani?"

"Palibe. Koma akakufunsani mawa kuti munayeza bwanji, mukawauza za tsamba liti?"

A Idesi anayatsa getsi, n'kuima pomwepo manja ali m'chiuno. A Gilibati anayang'ana fomu, anayang'ana akazi awo. Anadula dzina lawo ndi mzere umodzi, n'kusainanso pambali. Pepani sananene. Anthu otere sapepesa, musamadikire.

Eneless anagona pamphasa m'chipinda chosungira mabasiketi a tomato. Kusanache bwino anali kale pamsewu, a Idesi atamuperekeza atafunda chitenje. Minibasi yoyamba inaima, kondakitala akuitanira a ku Lilongwe.

"Akakakufunsani kumene munaphunzira, musakachite manyazi, mwamva?" anatero a Idesi.

"Ndikawauza kuti m'chigafa, mayi."

Anakwera, chikwama pamiyendo. Pa fomu panali dzina limodzi.

Ndayenda m'matauni ambiri, ndipo a Gilibati ndawapeza paliponse. Alipo m'maofesi, alipo m'masukulu, cholembera m'manja. Adzakuuzani kuti mubwerere kwanu. Bwereranidi, mukatenge zimene manja anu anaphunzira kumeneko. Mwalakwitsa? Vomerani, konzani, kagogodeninso pakhomo lomwelo. Ndipo ntchito ikakhala yanu, dzina likhale lanu. Mtima wokhawo musaupereke kwa munthu wa mizere iwiri.