Momwe Ndinakhalira Malume ku Mayfair

Ku Hillbrow ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga wa ku Mulanje. Ine kwathu ndi ku Dedza. Kumudzi sitikanadziwana, koma pa Joni tinkagawana ketulo imodzi ndi zenera limodzi.

Mnzangayo ankagulitsa machaja a mafoni pa renki ya matakisi. Chaka china anangoyamba kusita malaya, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani. Mtsikana wake ankasoka makatani mu shopu ina ku Mayfair. Anabadwira komweko. Chichewa chake chinali "zikomo", "bwerani" ndi mawu angapo okalipira, zonse zophunzira kwa bambo ake, mtchona wa ku Ntcheu amene anabwera kumigodi ali mnyamata, osabwereranso.

Mdalayo ananenetsa kuti salankhula ndi wofunsira. Ankafuna malume.

"Aise, malume ukhala iwe," anatero mnzanga tikudya buledi.

"Tinabadwa chaka chimodzi."

"Koma iwe uli ndi dazi."

Lamlungu ndinabwereka jekete, tinakwera takisi. Mdala anandipatsa mpando pakhonde, mnzangayo namuuza kuti akadikire pageti. Ndinakhosomola pang'ono, n'kuyamba mawu amene ndinakonza.

"Abambo, tambala wathu waona msoti pakhomo pano."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Kachewere akadalimabe?"

Ndinati akadalima. Anafunsa za msika wa ku Lizulu, za chifunga, za mabasi amene anasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Chichewa chawo chinali chakalekale, chikawathera ankagamba ndi Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi. Tiyi anabwera, anatha, anabweranso. Mnzanga anali chiimire pageti, dzuwa likumuwotcha m'malaya osita aja.

Kenako mdala anandiyang'ana.

"Mnyamata ujatu amalankhula ngati wa kummwera. Inu ndinu malume ake enieni?"

"Pa Joni pano, inde."

Anagwedeza mutu. "Ine pokwatira amayi ake a mwana wangayu, malume anga anali Mshangani. Tinkagwira shifiti imodzi."

Anaitana mwana wawo, namufunsa m'Chizulu ngati munthu wa pageti uja akumufunadi. Iye anati eya. Nkhani ya ukwati inathera pomwepo, tinabwerera ku kachewere.

Ukwati utachitika, mnzanga anasamukira kuchipinda chakuseri kwa apongozi ake. M'malo mwake ndinalandira munthu wa mkonono. Chimene mnzangayo sanandiuze n'chakuti unkhoswe satula. Akangoyambana ndi mkazi wake, foni inkalira. Ndinkakwera takisi kukaweruza milandu ya banja, ine wosakwatira. Wina wachedwa kubwera, wina waphikira mafuta ambiri. Ndinkamvetsera mbali zonse, n'kunena kuti onse alakwa, ndipo ankagwirizana pondikwiyira ine.

Pang'onopang'ono mdala anayamba kundiitana ngakhale popanda mlandu. Tinkangokhala pakhonde, iwo akukonza wailesi imene sinakonzekepo. Tsiku lina anandilondolera ku galaja yawo yopanda galimoto, natsegula chitseko.

"Nkhoswe yokhala kutali imafika mbale zitasweka kale," anatero. "Denga silidontha kwenikweni."

Linkadontha. Ndinasamukabe mwezi womwewo, ndipo mlamu wanga anandisokera katani la maluwa ofiira osandifunsa mtundu.

Mwana wawo woyamba ataphunzira kulankhula, banja linakambirana kuti azinditcha ndani. Mdala anagamula kuti malume a bambo ake ndi agogo basi. Choncho ndinakhala agogo ndisanafunsirepo mbeta, ndipo ana onse a mumsewu uja anatengera pomwepo.