Mpanda wa Raston, matuza anga

Anzanga, mwamuna amene ndikufuna ndikuuzeni lero ndinakumana naye atagwa pahatchi. Chenjezo linali lomwelo, koma tsiku limenelo nzeru ndinazisiya kunyumba.

Ine ndine Talandira, mwana wa msodzi wa ku Chia. Ndimaphunzitsa ku Malenga Chanzi, ndipo Loweruka lililonse ndimakhala ku kalabu yathu ya mahatchi kufupi ndi Bua. Musaganize kuti ndi za anthu olemera ayi. Mahatchi alipo asanu ndi awiri, ambiri okalamba, ndipo ntchito timagwira tokha mamembala.

Tsikulo Raston, membala watsopano, ndinamupeza ali chagada mumchenga, chipewa chili uko.

"Mwavulala?"

"Ndavulala mtima, sister. Mwandiona ndili pansi tisanadziwane n'komwe."

Ndinaseka. Pofika Epulo tinali pachibwenzi, ndipo ndisaname, munthuyo amadziwa kulankhula. Ankandidikira pa depoti ndi chinangwa chootcha, ine n'kumadziona ngati mfumukazi.

Tsono kalabu yathu ili ndi mwambo. Juni akafika, mwera ukayamba kuwomba, aliyense amapatsidwa gawo lake la mpanda kuti achotse nsungwi zodyedwa ndi chiswe n'kumanga zatsopano. Kumapeto kwa Julaye timakwera mahatchi mpaka pamene Bua amathira m'nyanja, kenako nyama yootcha ndi tiyi wa tangawizi. Amene wamanga bwino kuposa onse ndiye amatsogolera ulendowo, ndipo amasankha munthu mmodzi wokwera pambali pake.

Anzanga, malo a pambaliwo si masewera. Maukwati awiri a mukalabu anayambira pamenepo.

"Babe, ndikapambana ukudziwa kale amene ndidzamuitane," anatero Raston.

Ine mtima myaa!

Loweruka loyamba Raston anamanga nsungwi ziwiri, n'kuyamba kutsokomola.

"Mwerawu umandipatsa chifuwa. Tangondiyambirako pang'ono."

Loweruka lachiwiri anali ku maliro a azakhali. Loweruka lachitatu galimoto inafa pa Dwangwa. Loweruka lachinayi anabwera ndithu, atavala jekete loyera, kudzajambula zithunzi atagwira chikwanje changa. Changa!

Ine ndikamaliza gawo langa ndinkadikira anthu apite kukamwa tiyi, n'kuzembera kugawo lake. Waya atatha ndinakatenga chingwe cha bambo anga ku Chia, n'kumanga mfundo zomwe anandiphunzitsa ndili mwana, zomangira bwato. Manja anachita matuza mpaka choko ndinkachigwira movutika. Gawo langa ndinalimanga mothamanga. Lake ndinalimanga ngati nyumba yodzakhalamo.

"Usauze munthu," ankatero. "Ndi surprise yathu."

Tsiku la ulendo linafika, mmawa kukuzizira koopsa. A Kalilu, bambo wachikulire amene amasamala mahatchi, anayendera mpanda wonse akugwedeza nsungwi iliyonse. Atabwerera anati:

"Gawo la a Raston ndiye lalimba."

Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinayamba kukonza duku.

Raston anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene kunaima galimoto yake. Munatuluka mtsikana wovala nsapato zoyera.

"Ndikwera ndi Tabitha," anatero. "Wachokera ku Lilongwe chifukwa cha tsikuli."

Anzanga... ndinamva kutentha m'nyengo yozizira. Ndinamuyandikira.

"Raston, ameneyu ndi ndani?"

"Usayambe drama pano. Iwe ndiwe membala kale, hatchi uli nayo. Ndikufotokozera madzulo."

Ndinabwerera pamalo panga. Zoona, ndinabwerera.

Koma kachipata kotulukira kunyanja kali m'gawo lakelo, ndipo mwini gawo ndi amene amatsegula. Raston anapita monyada, n'kugwira chingwe chomwe ndinamangira kachipatako. Anakoka, mfundo inalimba. Anakokanso ndi manja awiri, inalimbiratu. Mahatchi akudikira, anthu akunjenjemera, Tabitha akujambula vidiyo.

"Pali amene ali ndi mpeni?" anafunsa Raston.

A Kalilu anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa.

"Mpeni wa chiyani, achimwene? Mwamanga nokha, masulani. Mfundo iyi ndi ya bwato. Bwato munamangapo liti inu?"

"Ndinaonera pa foni."

"Chabwino, onerani pomwepo kamasulidwe kake. Tikudikirani."

Wina anaseka kumbuyo. A Kalilu anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, tandionetsani manja."

Ndinawabisa m'chitenje.

"Mwana wanga, mahatchi akuzizidwa."

Ndinapita. Ndinagwira kansonga kakafupi ka chingwe, n'kukoka ndi zala ziwiri. Nsungwi gwa! Chipata chinatseguka.

Tabitha anatsitsa foni n'kuyang'ana Raston.

"Si unati matuza anakuvuta mwezi wonse iwe?"

Ngakhale matuza anga, anzanga, anakamunyengerera nawo mkazi wina!

A Kalilu anandipatsa hatchi yakutsogolo.

"Mukwera ndi ndani pambali?"

"Palibe, bambo. Pakhale mphepo."

Ndinatsogolera mpaka ku Bua misozi ikutsika, ndikunamizira mwera. Pobwerera tinapeza galimoto yapita, ndipo pa foni panali uthenga: "Wandichititsa manyazi pagulu. Sindimayembekezera zimenezi kwa iwe."

Iye sankayembekezera! Mpaka lero ndikaukumbukira uthengawo ndimafuna kuponya foni m'nyanja.

Mpandawo ulipobe, sunagwedezeke. Ndikamadutsapo sindikwiyira Raston kwambiri, ndimadzikwiyira ndekha. Chifukwa ndikudziwa kuti akanangotchula dzina langa mmawa umene uja, bodza lake ndikanalisunga moyo wanga wonse, n'kumamuombera m'manja ndi manja omwewa.