Ankafuna Ndiulule za M'nyumba ya Atcheya

Mudzi umene tinkakhala uli kunja pang'ono kwa Coventry, kumene basi yochokera ku Walsgrave imakatembenukira. Amuna anga ndi nesi pachipatala chachikulu cha ku Walsgraveko, ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo. Eni dera amautcha mudzi ngakhale uli ndi phula ndi magetsi, ndipo uli ndi kakhonsolo kakekake, ka makhansala ongodzipereka, oyang'anira holo, manda ndi bwalo losewerera ana.

Bwalolo ndi limene linautsa mapiri pachigwa. Tsiku lina ana anga anabwerako mpira uli m'khwapa, akuti pamangidwa mpanda wa waya. Zinamveka kuti makhansala abwereketsa theka la bwalo kwa kampani ina yomanga nyumba kuti izisungapo makina ake, osafunsa munthu. Anthu ankapita kumisonkhano ya khonsolo kukafunsa, koma wapampando, amene kunyumba kwathu tinkangowatcha atcheya, nthawi zambiri sankapezekako. Akapezekako ankayankha mwachidule, maso ali pa wotchi.

Ine ndinkadziwa chimene ankayang'anira wotchi. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'nyumba mwawo kukasambitsa akazi awo, amene anali ndi matenda oiwala. Mayiwo ankatha kutsegula chitseko n'kuyamba ulendo wopita kusukulu imene ankaphunzitsa ali mtsikana. Atcheyawo, bambo wamtali wa imvi, ankagona pampando pafupi ndi khomo kuti awamve akamatuluka. Sanafune kuti mudzi udziwe. Tsiku loyamba lenilenilo anandiuza kuti, "Mkazi wanga anaphunzitsa theka la anthu a muno. Azimukumbukira momwe analili."

Amene ankatsogolera okwiya anali aneba athu, mayi wachingerezi amene kale ankayendetsa basi. Sanali munthu woipa. Titangofika, iwo ndi amene anatiphunzitsa masiku otulutsa mabini a zinyalala, ndipo chisanu choyamba anatibwereka hita yawo yotenthetsera m'nyumba osatiuza tsiku lobweza. Madzulo ena anandipeza ndikutsitsa katundu m'galimoto.

"Ndimaiona galimoto yanu pakhomo paja m'mawa uliwonse," anatero. "Anthu akuti mutu wa bambo aja sukuyendanso bwino. Akuti amangosaina zimene sanawerenge. N'zoona?"

"Amayi, za kuntchito sindinena."

"Sindikufunsa za mankhwala. Ndikufunsa ngati munthu amene akutilamulira ali bwinobwino. Si ana anu omwe akusowa posewerera?"

Ndinangonyamula matumba anga n'kulowa. Ndikanati si atcheya akudwala, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga ndani. Kukhala chete nakonso kunkamveka ngati ndavomera.

Patapita masabata angapo aneba aja ndi anzawo anaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse. Cholinga chinali chopempha voti, kuti anthu anene ngati akuwakhulupirirabe makhansala awo. Amuna anga sanafune kuti ndipite.

"Mayi a ana, viza yathu inamangiriridwa pa ntchito," anatero. "Atcheya aja akangoimba foni ku ofesi kwanu kuti sakukufunaninso, mudzati chiyani? Za eni mudzi asiyireni eni mudzi."

"Nanga ife tikukhala kuti?" ndinafunsa.

Amuna anga anakulira kumudzi kwathu, m'nyumba imene dzina la tcheya wa chipani linkatchulidwa monong'ona, ndipo mantha amenewo ndinkawadziwa chifukwa nanenso ndinayamwa omwewo. Komabe ndinapita, ndekha, yunifolomu nditavula.

Holo inali itadzaza mpaka ena anaima m'mbali mwa khoma. Ndinakhala kumbuyo. Munthu wakuda ndinali ndekha. Kutsogolo kunali makhansala pa tebulo lalitali, atcheya pakati, tayi itapendekeka. Ndinadziwa kuti akazi awo awasiya ndi mnzanga wina wa kuntchito, ndipo mayiwo sankamuzolowera.

Anthu analankhula mokalipa. Bambo wina anati mdzukulu wake anang'ambika mwendo pa waya uja. Wina anafunsa chifukwa chake nkhani ya bwalo anaikambirana atatseka zitseko. Atcheya anayankha kuti zonse zinatsata malamulo, mawu ali otsika, ndipo anthu anawakuwiza. Kenako aneba anga anaimirira.

"Tisazungulire," anatero. "Funso ndi lakuti kodi bambowa akadali ndi mphamvu zogwirira ntchitoyi. Muno muli munthu amene amalowa m'nyumba mwawo tsiku ndi tsiku. Atiuze."

Anatembenuka n'kundiloza. Mipando inalira pamene holo yonse inkacheuka. Atcheya anandiyang'ana, nkhope itayera ngati pepala, ndipo sanaphethire.

Ndinaimirira chifukwa kukhala pansi kukanaoneka ngati ndikubisala. Chingerezi changa chinathawa kaye, kenako chinabwerera.

"Ndabwera kuno ngati mayi wa ana amene ankasewera pabwalo lija," ndinatero. "Mpandawo nanenso ukundiwawa. Koma ndimalowa m'nyumba zambiri za m'mudzi muno, mwina ya mayi anu, mwina ya bambo anu. Zimene ndimaona kumeneko sindizibweretsa m'holo."

Kenako mwamuna wina chapakati anafuula kuti, "Kodi ameneyu amaloledwa n'komwe kuvota?" Ena anaseka, ena anamuletsa. Mlembi wa khonsolo, mayi wa magalasi, anayankha mosakweza mawu kuti aliyense wolembetsa m'mudzimo amavota, ndipo anthu ochokera kumayiko ngati kwathu amaloledwa kulembetsa. Ndinakhala pansi.

Atafunsa ofuna voti, manja anakwera ngati chimanga m'munda. Dzanja langa linatsala pamiyendo. Potuluka aneba anandidutsa ngati sakundidziwa.

M'mawa mwake ndinaima kanthawi pakhomo la atcheya ndisanagogode. Anatsegula okha, atavala juzi ya dzulo lomwelo. Sananene za msonkhano. Anangoti mayi sanagone bwino, ndipo akukana kudya. Ndinawasambitsa mayiwo, ndikuwaimbira kanyimbo ka kwaya kamene ankakakonda ngakhale sankamva mawu ake. Ndikutuluka, bambowo ananditsatira mpaka pa geti.

"Zikomo chifukwa cha dzulo," anatero. "Koma musaganize kuti muli nane ngongole ya voti. Mukavote mmene mukuonera."

Mawu amenewo anandilemera kuposa akanandipempha kuti ndiwavotere.

Masabata otsatira mudzi unagawikana. M'mawindo munaoneka mapepala, ena akuti makhansala achoke, ena akuti tiwathokoze. Mayi wina amene ndinkamusamalira anandifunsa mbali yanga ndikumumanga bandeji, ndipo ndinayankha za nyengo. Manijala wathu anandiimbira kuti wamva kuti ndinalankhula pamsonkhano. Anangoti ndinachita bwino kusaulula, ndipo ndisadzapitenso kumisonkhano yotere. Mwana wanga wamkulu anabwera kuchokera kusukulu akulira, akuti anzake akunena kuti mayi ake ali kumbali ya anthu akuba bwalo. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti wawayankha chiyani, iye anayankha m'Chingerezi kuti sanayankhe kanthu.

Voti inachitikira m'holo momwemo, kuyambira chakumadzulo dzuwa likadalipo. Ndinachokera kuntchito. Pakhomo panaima aneba anga ndi gulu lawo, tsidya lina la msewu panaima mkazi wa khansala wina ndi anzake. Ndinadutsa pakati pawo maso ali pansi. Anandipatsa kapepala ka funso limodzi: kodi mukuwakhulupirira makhansala a mudzi uno? Inde kapena ayi.

Ndinaima m'kachipinda kaja pensulo ili m'manja. Ndinaganiza za bambo wogona pampando pafupi ndi khomo. Ndinaganizanso za zitseko zimene anatseka pokambirana za bwalo, ndi kuti panalibe ngakhale mmodzi mwa makhansalawo amene anapepesa. Funsolo silinkafunsa ngati ndikuwamvera chisoni. Ndinachonga pa ayi, n'kupinda kapepalako kawiri.

Zotsatira anazimata pachitseko cha holo. Ochuluka anati ayi, ngakhale ovotawo anali ochepa poyerekeza ndi anthu a m'mudzimo. Pamenepo m'pamene ambiri anadziwa kuti voti yotere simakakamiza munthu kuchoka. Makhansala anati amva, n'kukhalabe m'mipando yawo. Mpanda unakhalapo mpaka kampani ija itamaliza ntchito yake.

Atcheya okha ndi amene anatula pansi udindo, patatha mwezi ndi kanthu. Chifukwa chake anachinena okha pamsonkhano wa khonsolo, ine kulibe. Ndinamva kwa aneba anga, amene anandiimitsa pa mpanda wathu koyamba chichitikire zija.

"Bwanji simunangondiuza kuti ndi akazi awo?" anafunsa, maso ali ofiira. "Mayi aja anandiphunzitsa kuwerenga."

"Sizinali zanga zoti ndinene, amayi."

Anagwedeza mutu, koma sanapepese, ndipo ubale wathu sunabwererenso pakale. Tinkangopatsana moni.

Ndinapitirizabe kupita kunyumba ija mpaka chisanu chotsatira, pamene mayiwo anawatengera kunyumba yosungirako okalamba ku Coventry. Bambowo sanandifunse mmene ndinavotera, ndipo ine sindinawauze. Tsiku lomaliza tinathandizana kulongedza zovala za mayiwo m'masutikesi awiri, iwo akusankha, ine ndikupinda.