Kakhoma ka Pakhomo pa Atelala

Ana onse a m'kalasi mwanga amawadziwa Atelala, chifukwa mayunifolomu awo amasokedwa ndi manja amenewo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo ngakhale pa maliro. Nyumba yawo ili kumunsi kwa msewu wathu, pafupi ndi ngalande yotsikira kumtsinje. Nyumbayo anawo anaitcha "Kodumpha", chifukwa pakhomo penipeni panali kakhoma ka njerwa, ndipo wolowa ankakweza mwendo ngati akukwera njinga.

Kakhomako anayambitsa ndi amuna awo, mmisiri womanga nyumba. Chaka china madzi atalowa n'kuwononga nsalu za eni ake, bamboyo anayala mizere iwiri ya njerwa pakhomo. Koma kumtunda anthu ankangomangabe, mabwalo onse n'kuthira simenti, madzi n'kusowa polowera pansi. Ngalande nayo inadzaza majumbo ndi mabotolo. Chaka chilichonse madzi ankabwera okwererapo. Bamboyo atafa ziwalo mbali imodzi, Atelala anaphunzira okha kukanda simenti, n'kumawonjezera mzere mvula ikayandikira. Kakhoma katapitirira m'mawondo, odwalayo anasiya kutuluka. Dzuwa ankalionera pawindo.

"Madzi akafuna kulowa muno, ayambe anena odi," ankatero Atelala.

Loweruka lina masana ndinapita kukatenga diresi langa, mvula n'kunditsekereza komweko. Tinaima pakhomo kuonerera msewu utasanduka mtsinje. Panadutsa beseni, kenako chitseko cha winawake. Madzi ankagunda kakhoma n'kubwerera.

"Mwaona, aphunzitsi? Inu mumaphunzitsa ana, ine ndimaphunzitsa madzi."

Asanamalize kuseka tinamva kapu ikumenyedwa pabedi kuchipinda, amuna awo akutiitana. Potembenuka, mapazi anga anali kale m'madzi. Sanali ochokera kumsewu ayi. Anali akuda, onunkha, akubwadamuka pa kabowo ka m'bafa. Ngalande itatsekeka kumunsi, madzi onse a kumtunda anabwerera m'paipi n'kupeza potulukira m'nyumba ya Atelala.

"Mayo ine! Akuchokera kuti?"

Anakanikizapo nsanza, zinalavulidwa. Ndinaikapo chidebe n'kuchiponda, chinandikankha. Posakhalitsa madzi a m'nyumba anaposa a panja. Mipando inayamba kuyenda yokha, ulusi wamitundumitundu ukuyandama. Khomo linali limodzi lomwelo, mawindo onse azitsulo, ndipo kakhoma kaja kanagwira ntchito yake mokhulupirika: sikanalole dontho kutuluka.

Kuchipinda madzi anali atakwera pabedi, akufika pachifuwa cha bamboyo. Tinawakwakwaza mpaka pakhomo, koma kuwakweza pamwamba pa kakhoma kunatikanika. Anali munthu wathupi, ife azimayi awiri okha. Tinayesa kawiri, kachiwiriko anatipulumuka n'kumira mpaka m'kamwa. Ndinakuwa, koma aliyense mumsewumo ankalimbana ndi madzi ake.

Atelala anangoti kakasi, manja ali m'mutu.

Bamboyo anatsokomola, n'kulankhula ndi lilime lawo lolemera chifukwa cha matenda aja. "Hamala... kuseri kwa chitseko. Gumulani."

"Ndigumule? Mutu ukuyenda bwino, bambo?"

"Gumulani, mayi. Mwandimangira manda."

Ndinawachirikiza mutu pachifuwa panga, Atelala n'kunyamula hamala. Anamenya kamodzi, kawiri, akulira. Mzere wapamwamba unagwa wonse, yotsatira nayonso, ndipo madzi anakhuthukira mumsewu ndi mphamvu yoti tikanapanda kugwira mphuthu ya chitseko akanatitenga. Panatsala mizere iwiri yapansi, ya mmisiri mwini wake, imene hamala inangodumphapo. Pamenepo tinawadutsitsa titawagoneka pa bulangete, mpaka pakhonde la sitolo ya kumtunda.

Tinakhala pamenepo tikunjenjemera ndi kuzizira. Bamboyo ankangoyang'ana msewu umene anali asanaupondemo zaka zambiri. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Mumathira simenti yochepa. Njerwa zanu zagwa ngati mabisiketi."

"Zikanakhala zolimba bwenzi pano tikukulirani," anayankha Atelala, n'kuwapukuta kumaso ndi nsonga ya diresi langa latsopano lija, limene sindikudziwa kuti analitola nthawi yanji.

Kakhomako sanakamangenso, ndipo mizere iwiri ija inagumulidwa ndi chitsulo. Masiku ano mitambo ikayamba kuda, Atelala amatenga fosholo kupita kungalande, akugogoda khomo lililonse kuti anthu atuluke akachotse zinyalala. Wotaya jumbo mumsewu amamva dzina lake kuchokera kutali. Bamboyo amakhala pampando pakhomo, kuwerenga amene abwera ndi amene abisala.

Ana a m'kalasi mwanga aja akapita kukayezetsa yunifolomu amakwezabe mwendo polowa, ngakhale palibe chodumpha. Bamboyo amaseka mpaka kutsokomola, ndipo Atelala amawasiya aseke.