Masiku atatu amene ndinabisa Akanene

Agogo anga aamuna ankamveka fungo la dipi, mankhwala ophera nkhupakupa aja, losakanikirana ndi la fodya wopichira ndi oyilo wa njinga, ndipo mpaka lero ndikalimva ndimawaona atanyonyomala kuseri kwa khitchini, akusanthula makutu a galu wathu kwinaku akukangana ndi wailesi. Sankatha kukhala pansi munthu uja. Akati apume, pomwepo akumbukira mpanda wothyoka, kapena mbuzi ya eni ake imene anaiona ikutsimphina ku Naisi. Anagwirapo ntchito yosamalira maluwa kwa mphunzitsi wina wa pa koleji, ndipo bwanayo posamuka anawasiyira kagalu. Anakatcha Akanene, polasa anansi omwe ankawaseka kuti munthu wa imvi akusambitsa galu. Koma mumtima mwanga galuyo anali wanga, chifukwa ndikamasenda chinangwa ankagona pa mapazi anga.

Ndili mu Sitandade 5, galu wachiwewe analuma mwana kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, mudzi wonse n'kutekeseka. Galu aliyense wooneka wodwala ankamugenda mpaka kufa, osafunsa mwini wake. Sabata yomweyo, agogo ali ku maliro ku Malosa, Akanene anakana chakudya. Anangochinunkhiza n'kukagona. M'mawa mwake ankayenda modzandira, mkodzo wake uli wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mantha anandigwira. Ndinamukokera pansi pa nkhokwe n'kutchingapo ndi mapesi, ndipo amayi atafunsa ndinati walondola agalu anzake.

Kusukulu sindinkamvanso kanthu. Belu la buleki likangolira ndinkadutsa m'minda ndi liwiro kukamusuzumira, kumuikira phala limene sankalikhudza, kenako kubwerera ndi chitedze m'miyendo. Mwana aliyense wotola mwala panjira ndinkamuyang'ana ndi diso loipa. Ndinkadziona ngati ndikumupulumutsa.

Agogo atabwerako, asanavule n'komwe nsapato, anafunsa za galu. Ndinawanamiza monga ndinanamizira amayi. Anayang'ana kambale kake kouma, n'kuyang'ananso mawondo anga odzaza fumbi la pansi pa nkhokwe. Ndinayamba kulira, ndipo ndinawatsogolera.

Anandiuza kuti ndiime patali. Anamuikira madzi, iye n'kunyambita pang'ono. Kenako anamumanga kukamwa ndi kansalu, n'kutukula mlomo wake ndi kamtengo. Nkhama zinali zoyera mbee, makutu akutentha, nkhupakupa zonenepa zitabisala pakati pa zala.

“Magazi amuthera uyu. Wayamba liti?”

Ndinati Lachiwiri. Tsikulo linali Lachisanu.

“Mwanawe, galu akakana kudya tsiku limodzi umamuyang'anira. Likafika lachiwiri umamunyamula. Kaya n'chiwewe kaya ayi, wonena ndi dokotala, osati iwe, osati a miyala aja.”

Tinamugoneka mu dengu pa keliyala, agogo akukankha njinga, ine nditagwirizira dengulo. Anyamata ena anatilondola kufunsa ngati ali wachiwewe, agogo anawauza kuti amene akufuna kudziwa atiperekeze. Palibe anatiperekeza.

Titafika kwa alangizi a ziweto, iwo anamuyeza n'kunena kuti anali matenda obwera ndi nkhupakupa. Anamubaya jakisoni, koma nkhope yawo sinandisangalatse. Anati tikanabwera dzana bwenzi nkhani ili ina, ndipo anayamba kuwakalipira agogo, kuti munthu wodziwa agalu ngati iwo angasunge bwanji chiweto mpaka kufika pamenepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Agogo anandiponda chala.

“Ndinazengereza ndine, bambo,” anatero.

Akanene anafera m'dengu tikubwerera, tisanafike n'komwe pa mlatho wa Domasi. Agogo anakumba okha dzenje kumunda, ndipo kwa amayi ndi kwa anansi ananena zomwezo, kuti anazengereza ndi iwo. Oseka aja anapezerapo poyambira. Kwa zaka, agogo akati alangize munthu za mbuzi yake, ankayankhidwa kuti nanga galu wanu uja munamuchiza? Iwo ankangokwera njinga n'kumapita.

Lero ndili ndi banja langa ku Zomba, ndipo galu wathu akangosiya chakudya kawiri, amuna anga amadziwa kuti tsiku limenelo kuntchito ndichedwa. Amandiseka kuti ndilibe mtima wodikira, ndipo n'zoona. Agogo anamwalira mudzi wonse ukudziwa kuti iwo ndiwo anachedwetsa galu wawo. Amayi akadali moyo, ndipo akudziwabe choncho. Mawa ndikupita ku Domasi kukawauza.