Phala Losefa

Mkazi wanga anavutika ndi chilungulira kuyambira tili ku koleji. Ankagona chokhala, atatsamira mapilo, m'mawa n'kudzuka mawu atasasa. Atamuchita opaleshoni ku Harare yothina pakamwa pa chifu, moto uja unazima, koma njira ya chakudya inachepa. Madzi ankatsika mozengereza. Buledi, nyama ndi sadza, nsima ya kuno, zinkaima pachifuwa. Kugeya sankatha, kusanza sankathanso. Adokotala anati mpaka kutupa kutaphwa azidya zamadzimadzi zokha.

Kunyumba kwathu ku Kadoma ndinaphunzira kuphika phala n'kulisefa ndi kasefa ka tiyi.

Amayi anga amakhala ku Chegutu. Anakulira pakomboni ya pafamu, ndipo kwa iwo mpongozi akasiya chakudya m'mbale ndiye kuti akunyansidwa nawe, apo ayi akuopa kuti wamuthirira mankhwala. Tinapitako Lamlungu lina, phala lathu lili mu fulasiki. Ndinali nditawafotokozera pafoni. Ndinafotokozanso tili pakhomo.

Amayi anayang'ana fulasikiyo. "Mwabwera ndi kamba ngati mukukalowa mumgodi ku Chakari? Kuno kulibe moto?"

"Amayi, zolimba sizikudutsa pakhosi pake."

"Ine anandicheka pobadwa mng'ono wako, m'mawa mwake ndinadya sadza. Muroora, mpongozi wanga, sambani m'manja."

Ndinaimirira kuti tizipita. Mkazi wanga anandikoka malaya. "Khalani pansi, bambo. Kambamu kamodzi sikangandiphe."

Ankafuna kuti pakhomo paja amuwerengere ngati mwana wapo. Anatema kambamu ka sadza, n'kukanyika mu msuzi, n'kutafuna nthawi yaitali. Atameza, maso ake anadzaza misozi. Anapepesa n'kutuluka.

Ndinakamupeza kuseri kwa nyumba atagwira khoma, dovu likuyenderera pachibwano, akudzimenya pachifuwa ndi chibakera. Kambamu kaja sikankatsika, sikankabwerera. Ndinamusisita pamsana. M'nyumba amayi ankauza mlongo wanga mokweza kuti timve: "Ophunzira awa. Chakudya cha ife osauka chimawatsamwa."

Pobwerera tinakwera kombi, minibasi ya kuno, n'kudutsa minda yonse. Kenako mkazi wanga anati, "Ndikachira ndidzapita kukamaliza mbale ija."

Sanapite. Anamwalira chaka chotsatira pangozi ya kombi pamsewu wa ku Harare, atayamba kumene kudya mpunga wofewa. Pa imfayo palibe amene ndingamuloze chala.

Pamaliro chakudya chinandikana. Azimayi ankabwera ndi mbale n'kubwerera nazo. Titabwerako kumanda, amayi analowa m'chipinda momwe ndinakhala, atanyamula bakuli ndi manja awiri, n'kugwada pambali panga. Munali phala lamadzimadzi, losalala, lopanda chibuluma ngakhale chimodzi, loposa lililonse limene ine ndinaphikapo.

"Imwa, mwanangu. Ndasefa. Pakhosi pakatseka, munthu sumukakamiza zolimba."

Ndinawafunsa kuti anaphunzira liti kuphika phala lotere.

"Kalekale. Agogo ako atadwala pafamu paja, ndani ankawaphikira?"

Ankadziwa. Lamlungu lija ufa unalipo, sefa inali pakhoma, moto unali woyatsa kale.

Sindinakweze mawu, panja panali anthu. Ndinalandira bakuliyo ndi manja awiri monga anandiphunzitsira, n'kuiika pansi pafupi ndi chitseko. Anakhalabe chogwada, akudikira kuti ndimwe. Phala linazizira mpaka linachita nkhambako pamwamba.