Mizere Isanu ndi Iwiri ya Miyala

Chaka chimene ndinali ndi pakati kachitatu, ndinkasamalira mayi ena okalamba kunja, mumzinda wa Hamilton. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, choncho za iyi ankadziwa ndi mwamuna wanga yekha. Ndinkaopa ngakhale kuyetsemula.

Mayiwo anabadwira kugombe la kumpoto kwa Ulaya, kwa asodzi. Kuseri kwa nyumba yawo, malemu amuna awo anandandalika miyala pansi mozungulirazungulira, n'kusiya kanjira kamodzi kokhotakhota kokathera pakati. Anandiuza kuti kwawo miyala yotere ilipo yakalekale, ndipo palibe amadziwa bwinobwino ntchito yake. Ena amati asodzi ankayendamo asanalowe m'nyanja: tsoka limakulondola mpaka pakati, iwe n'kutuluka, ilo n'kusokera momwemo.

Iwo ankasimba akuseka, koma ine sindinaseke nawo. Kwathu ku Ntcheu wodwala amakasamba mankhwala pamphambano kuti nthenda itsale pomwepo, ndipo wodumphapo ndiye amaitola. Ndine wopemphera, sukulu ndinapitako, koma amene wataya kawiri satsutsana ndi mphambano. Mwamuna wanga anangoti, "Uzingo-avoida malo amenewo, dear, basi."

Kutatsala tsiku limodzi kuti akachitidwe opaleshoni ya mtima, mayi aja anavala jekete m'mawa, udzu udakali mbuu ndi chisanu.

"Tiye, ndikasiye nthenda yangayi," anatero.

Ndinanama kuti bondo likundiwawa. Ndinaima m'mphepete mwa miyala ija, iwo n'kulowa okha ndi ndodo yawo. Anayenda pang'onopang'ono, kuyandikira pakati, kutalikiranso, monga kanjirako kanapangidwira. Atafika pakati penipeni ndodo inagwa. Anakhala pansi mwadzidzidzi, dzanja lili pachifuwa, milomo itatuwa.

Mankhwala awo opopera kunsi kwa lilime anali m'thumba mwanga. Pakati pa ine ndi iwo panali mizere isanu ndi iwiri ya miyala. Kutsata kanjira kukanandichedwetsa. Ndinaima kaye, ndivomere, ndipo manyazi ake ndikadali nawo. Kenako ndinagwira pamimba n'kudumpha yonse, ndikuiwerenga.

Ndinawapopera, n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga mpaka mpweya unabwerera. Mumtima ndinali nditakwiya nawo kwambiri. Munthu wamkulu, mawa chipatala, n'kumasewera ndi miyala, ine n'kuika mwana wanga pachiswe.

Ndinafuna kuwadzutsa kuti tidutse molunjika kukhomo. Anakana. Anayang'ana pamimba panga, pamene panali dzanja langa.

"Milungu itatu ukukana khofi," anatero motsitsa mawu. "Ndinaberekapo inenso. Tikadumpha miyala, zimene ndasiya pano zituluka nafe. Tiyende m'njira. Wamng'onoyo asatenge zanga."

Ndinawachonderera kuti alibe mphamvu. Sanamve. Tinakhota makhoti onse, iwo atandikolowekera mkono paphewa, akupuma mwabefu. Kawiri anaima n'kutseka maso, ine n'kuganiza kuti basi zatha. Titatuluka ndinaimbira ambulansi, ndipo anawagoneka m'chipatala tsiku lomwelo.

Kuchipatalako sanabwereko. Mwana wanga wamkazi anabadwa miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, akulira ngati wina wamulanda chake.

Za asodziwo sindidziwa, kaya n'zoona kaya ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti kukhomo kunali pafupi, koma mayi aja anathera timphamvu tawo totsala panjira yaitali, chifukwa cha mwana amene sanadzamuone.